Zotupa pa Maluwa a Rozi: Mafunso ndi Mayankho

Wolima marozi amawadziwa adani ake a tsiku ndi tsiku: nsabwe zounjikana pa mphukira, madontho akuda pamasamba, mbozi zoboola maluwa asanamasule. Koma tsiku lina amaona chinthu chimene sanachionepo, chitamera panthambi ngati wina wachita kuchimangirirapo, ndipo dzanja limathamangira ku botolo la mankhwala. Musanapopere, werengani kaye. Zotupa zambiri za pa marozi n'zoopsa m'maso chabe. Choopsa chenicheni ndi chimodzi, ndipo chimenecho sichichita kudzionetsera.

Ndapeza chinthu chaubweya, chofiirira, panthambi ya rozi. N'chiyani chimenechi?

Ngati chikuoneka ngati mpira wa ulusi wosokonekera, chinayamba chobiriwira kenako n'kumafiira, ndipo chamera pamene pakanatuluka tsamba kapena kanthambi katsopano, mwapeza nyumba ya ana a kamavu kotchedwa Diplolepis rosae. Si duwa lopunduka, si ndere, si chisa cha mbalame. Ndi mnofu wa chitsamba chanu chomwecho, umene wakula mokhotetsedwa ndi kachilombo.

Zina zimangokhala ngati nsonga ya chala, zina zimafika masentimita 10 m'mimba mwake. Ku Ulaya zimayamba kuoneka cha mu Juni ndi Julayi, zimafiira kwambiri mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo kukayamba kuzizira ubweya uja umauma n'kusanduka wakhofi. Masamba akayoyoka, chotupa chimatsala chokha panthambi yopanda kanthu, ndipo ambiri m'pamene amachiona koyamba, n'kumaganiza kuti chamera usiku womwewo.

Mwati mavu. Kodi amaluma?

Ayi. Iwalani za mavu omanga zisa padenga aja. Kamavu aka n'kotalika mamilimita 3 kapena 4 basi, mutu ndi chifuwa zakuda, mimba yofiirira. Kalibe chisa choti kateteze ndipo sikalabadira za munthu. Chiwalo chimene mavu ena amabayira, iko kamaikirira mazira. Kakauluka pafupi nanu mungati ndi kantchentche.

Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi tonse timene timatuluka m'zotupa ndi tatikazi. Tatimuna timapezeka mwa apo ndi apo, ndipo tatikazi timaikira mazira oswa bwinobwino popanda kukumana nato. Akatswiri amati zimenezi n'zogwirizana ndi bakiteriya wotchedwa Wolbachia, amene amakhala m'thupi la tizilombo tambiri n'kumasokoneza kaberekedwe kake. Kwa wolima maluwa, tanthauzo lake n'losavuta: kamavu kamodzi kokha n'kokwanira kudzaza chitsamba ndi zotupa chaka chamawa.

Carl Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, anakalemba m'gulu la zamoyo mu 1758. Kwawo ndi ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, koma kanawoloka nyanja pamodzi ndi mbande za marozi, ndipo tsopano kakupezekanso ku North America.

Nanga kachilombo kakang'ono chonchi kamatha bwanji kumangitsa chitsamba nyumba?

Apa m'pamene nkhaniyi imakoma. Nyengo yozizira ikamatha, marozi akamatupa maso kuti aphukire, kamavu kakakazi kamafufuza mphukira yanthete imene masamba ake sanatambasuke. Kamalowetsa choikirira chake pakati pa timasamba topindika tija n'kuikamo mazira, nthawi zina makumi angapo m'mphukira imodzi. Mnofu wozungulira dzira lililonse umayamba kusintha. Mphutsi ikaswa n'kuyamba kudya, malovu ake amapitiriza kulamula maselo a chomeracho, ndipo m'malo mopanga tsamba, maselo aja amagawikana mosalekeza n'kuikuta mphutsiyo.

Sikuti chimangotupa chisawawa ngati chithupsa. Chimamangidwa mwadongosolo. M'kati mwenimweni, pamene mphutsi yagona, khoma la kachipinda kake n'lofewa, lodzaza ndi mafuta ndi zomanga thupi. Mphutsi ikamadya, khomalo limameranso. Kunja kwa khoma lofewali kuli chigoba cholimba ngati thabwa. Kunja kwenikweni ndiye kuli ubweya uja. Mitsempha ya chomera imene imayendetsa madzi ndi chakudya imakhotera ku chotupa, moti chitsamba chimadyetsa mphutsizo monga chikanadyetsera chipatso chake. Mphutsi ikafa chotupa chisanakhwime, mbali yake ija imaleka kukula. Ndiye kuti wolamula ntchito yonseyi ndi mwana ali m'katiyo, osati mayi amene anaikira mazira n'kufa patangopita masiku ochepa.

Pali kenanso kamene ine kamandisangalatsa. Mphutsi imakhala miyezi yambiri m'kachipinda kotseka, chikhalirecho osachita chimbudzi. Matumbo ake amakhala otsekeka kumapeto, ndipo imatulutsa zonse kamodzi kokha, ikatsala pang'ono kusanduka kamavu. Kukanapanda kutero bwenzi ikuipitsa mbale yake yomwe.

Anthu anayamba kalekale kudabwa nazo. Marcello Malpighi wa ku Italy, polemba za kapangidwe ka zomera m'zaka za m'ma 1670, anafotokoza kale kuti zotupa zotere zimayamba ndi dzira limene kachilombo kaika m'chomera.

Ndikachidula pakati ndipezamo chiyani?

Yesani, koma ndi mpeni wakuthwa komanso pathabwa, chifukwa chokhwima chimalimba kuposa mmene ubweya wake ukunamizira. Nditadula changa choyamba, mpeni unalira ngati ndikudula kamtengo kouma. M'kati munali tizipinda tozungulira, tosalala, toyandikana ngati zisa za njuchi zosalongosoka, ndipo m'chipinda chilichonse munali kamphutsi koyera, kopanda miyendo, katadzipinda ngati chikwakwa. Nditakakhudza ndi nsonga ya mpeni kanangogwedezeka pang'ono. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma apa nyererezo ndi zimene zinalamula kuti mkuyu umere.

Musaganize kuti mphutsi zonse mukuzionazo ndi za mwini nyumba. Muli alendo. Kamavu kena, Periclistus brandtii, sikadziwa kudzipangira chotupa. Kamaikira mazira pa chotupa cha mnzake ndipo ana ake amadzigawira tizipinda tawo, nthawi zambiri cha m'mphepete. Muli ndi adani enieni, monga Orthopelma mediator ndi Torymus bedeguaris. Kachiwirika kali ndi choikirira chachitali ngati singano, chimene kamabayira kupyola ubweya ndi chigoba mpaka kufika pa mphutsi, n'kuikapo dzira. Mwana wake akaswa amadya mwini nyumba. Mitundu ya tizilombo imene yapezeka ikukhala m'zotupa zimenezi imaposa khumi, ina n'kumadya imene ikudya inzake. Kukazizira, mbalame zing'onozing'ono nazo zimabwera kudzajompha.

Kodi chitsamba changa chifa?

Sichifa. Chotupa chaubweya chimaba chakudya pang'ono pa nthambi imene chakhalapo, ndipo nthambiyo ingathe kukhala ndi maluwa ochepa, koma chitsamba chokhwima sichimva n'komwe. Pokhapokha ngati ndi mbande yaing'ono imene yanyamula zotupa zingapo zazikulu, m'pamene mungaone kuti ikukula monyinyirika.

Ndichidule kapena ndichisiye?

Zili kwa inu, ndipo njira zonse ziwiri n'zabwino. Ine pa marozi a m'tchire ndi a kumpanda ndimazisiya. N'zokongola, ndipo timavu todya tinzake timene timatulukamo ndi timene timachepetsa zotupa za chaka chotsatira popanda ine kukhetsa thukuta. Koma pa chitsamba cha pakhomo chimene mwachisamala kuti chikupatseni maluwa odula, palibe cholakwa kuchichotsa.

Chofunika ndi nthawi. Dulani kuyambira pamene mwachiona kufikira nyengo yozizira isanathe, mphutsi zikadali m'kati. Ambiri amachita zimenezi pa nthawi yomwe akudulira marozi awo, masamba atayoyoka, chifukwa m'pamene chilichonse chimaonekera. Tsatirani nthambi kutsika kuchokera pa chotupa, pezani diso labwino loyang'ana kunja kwa chitsamba, ndipo dulani mopendeketsa pang'ono pamwamba pa disolo. Valani magolovesi; chotupa sichibaya kwenikweni koma minga ya rozi sidziwa kuti mukuthandiza.

Mukadula musachisiye pansi pa chitsamba, ndipo musachiponye pa mulu wa manyowa umene sutentha. Chotupa chodulidwa mphutsi zitakhwima chimaswabe bwinobwino, timavu n'kuuluka kubwerera pa rozi lomwe lija. Chitentheni, chikwirireni mozama, kapena chimangeni m'thumba n'kutaya.

Yang'anitsitsani musanavutike. Ngati chotupa n'chakuda, chothothoka ubweya, ndipo chili ndi timabowo tozungulira ngati tobooledwa ndi singano, eni ake anatuluka kale. Kuchidula kumangokongoletsa chitsamba, sikuchepetsa kanthu. Zotupa zakale zotere zimatha kukhala panthambi chaka china chathunthu, akangaude ndi tizilombo tina n'kumabisalamo.

Palibe mankhwala opopera?

Alipo ambiri m'masitolo, koma pa vuto ili n'kutaya ndalama. Pofika nthawi yoti mwachiona chotupa, mphutsi ili kuseri kwa ubweya ndi chigoba, kumene mankhwala safika. Kuti muphe timavu touluka mufunika kulasa masabata enieni amene tikutuluka, ndipo sitituluka tsiku limodzi. Mungapopere lero, ena n'kutuluka mkucha. Amene amafa mosakayikitsa ndi njuchi zobwera ku maluwa, tizilombo todya nsabwe, ndi timavu tija timene tinali kukugwirirani ntchito ulere. Ndipo ngakhale mphutsi itafa, chotupa sichiphwa. Mnofu umene wamera wamera. Sizasi yodulira imamaliza m'mphindi imodzi ntchito imene botolo silingathe.

Pansi pa masamba pali timipira tonga nandolo. N'chimodzimodzi?

Ndi abale. Mtundu wa Diplolepis uli ndi timavu ta mitundu pafupifupi 50, tonse todalira marozi, ndipo kalikonse kali ndi kamangidwe kake, moti wozolowera amadziwa dzina la kachilombo pongoona nyumba yake. Ku Ulaya, Diplolepis eglanteriae ndi Diplolepis nervosa timapanga timipira ting'onoting'ono kunsi kwa tsamba, tobiriwira kapena tofiira mbali imodzi, kalikonse kokhala ndi chipinda chimodzi. Ta nervosa nthawi zina timamera tinyanga tingapo tosongoka. Timeneti timagwa pansi nyengo ikamapita, mphutsi n'kugonera m'zinyalala. Amene sakutifuna angothyola masamba ogwidwawo kapena kusesa pansi pa chitsamba. Ine sindivutika nato.

Ku North America kuli Diplolepis spinosa, amene chotupa chake n'cholimba, chaminga, chozungulira tsinde la nthambi. Amakonda Rosa blanda wa m'tchire ndi Rosa rugosa wa m'minda. Ameneyu ndi wofunika kumuyang'anira kuposa waubweya uja, chifukwa zotupa zikachuluka nthambi imafooka ndipo mbali ya kumtunda ingathe kuuma. Kulinso Diplolepis radicum, amene amatupitsa m'munsi mwenimweni, pamene tsinde lakumana ndi dothi. Ku Turkey ndi maiko oyandikana nawo, Diplolepis fructuum amalowa m'zipatso za rozi n'kuzipundula, ndipo kwa amene amakolola zipatsozo imeneyo si nkhani yokongoletsa munda ayi.

Si zonse zili za mavu. Mukaona katsamba katapindika pakati, mbali ziwiri zitagwirana n'kutupa ngati khoko la nyemba, m'kati muli timphutsi tambiri, imeneyo ndi ntchito ya kantchentche kakang'ono. Ndipo nthambi ikatupa motalika popanda ubweya kapena minga yachilendo, kumtunda n'kufota, isendeni khungwa: mukapeza kanjira kozungulira ngati sipuling'i, ndi mphutsi ya kachikumbu koboola tsinde. Dulani pansi pa potupapo n'kutentha.

Changa chili patsinde pafupi ndi dothi, chilibe ubweya, n'chokakala. Nachonso ndichisiye?

Ichi ndiye chija ndinati choopsa. Fukulani dothi pang'ono muone bwino. Ngati ndi chibulumwa chopanda maonekedwe enieni, chokhala pamene anamezanitsa mbande kapena pa mizu ikuluikulu, choyera ndi chofewa chikadali chaching'ono koma chakuda, cholimba ndi chong'ambikang'ambika chikakula, n'kutheka kwambiri kuti si kachilombo koma bakiteriya wa m'dothi, Agrobacterium tumefaciens. Erwin Smith ndi Charles Townsend a ku United States ndi amene anatsimikiza zimenezi mu 1907.

Njira yosiyanitsira ndi mpeni womwe uja. Chotupa cha kachilombo chili ndi tizipinda tosalala, mphutsi, kapena timabowo totulukira. Cha bakiteriya n'chodzaza m'kati monse, mnofu wosokonekera wopanda chipinda.

Bakiteriyayu amalowera pa bala: pamene khasu linakhula, pamene munadula muzu podzala, pamene anamezanitsa. Akalowa amaika kachidutswa ka DNA yake, malangizo a chibadwa chake, m'maselo a chomera, ndipo maselowo amayamba kugawikana osaleka. Ndiye chifukwa chake kusema chotupacho kawirikawiri sikuthandiza. Maselo osinthidwa amatsalira, chimameranso. Chikazungulira tsinde chimatsamwitsa njira ya madzi, chitsamba chimapinimbira, masamba amachita chikasu, maluwa amachepa chaka ndi chaka.

Chitsamba chogwidwa patsinde chizuleni ndi mizu yake pamodzi ndi dothi loizungulira, ndipo chitentheni. Pamalopo musadzalepo rozi kapena mtengo wa zipatso kwa zaka zingapo. Udzu ndi mbewu za m'gulu lake sizigwidwa, ndiye zingakhalepo. Sizasi, mpeni ndi khasu zipukuteni ndi sipiriti musanakhudze chitsamba china. Pogula mbande, itulutseni m'chubu muone mizu ndi pomezanitsa. Musachite manyazi, ndalama ndi zanu. Olima mbande ambiri amaviika mizu m'madzi okhala ndi bakiteriya wina wosavulaza, wodziwika ndi nambala yakuti K84, amene Allen Kerr anamupeza ku Australia m'zaka za m'ma 1970. Ameneyu amateteza mbande yabwino, sachiza yodwala kale.

Kwa amene akulima marozi kumaiko otentha, kutali ndi kwawo kwa timavu ta Diplolepis, funso ili ndiye lofunika kuposa onse. Chotupa chimene mungakumane nacho n'chimenechi, kapena timfundo ting'onoting'ono tambiri pa mizu yopyapyala, timene timayamba ndi tinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso.

Nthambi yonse yafiira, yachita minga yambiri yofewa ndi tinthambi tothinana ngati tsache. Ndi chotupa chomwecho?

Ayi. Chotupa chaubweya chimakhala pamalo amodzi, nthambi yotsala ili bwinobwino. Zimene mukufotokozazi zikufanana ndi nthenda ya vayirasi yotchedwa rose rosette, yofala ku North America, imene imafalitsidwa ndi kanthata kosaoneka ndi maso. Imeneyo ilibe mankhwala ndipo chitsamba chimazulidwa chonse. Koma musafulumire kuzula: mankhwala ophera udzu akauluzika ndi mphepo n'kugwera pa rozi amapangitsanso tinthambi topinimbira tothinana, ndipo marozi ambiri mphukira zake zatsopano zimayamba zofiira mwachibadwa, kenako n'kubiriwira.

Bwanji zimachuluka pa marozi a m'tchire kuposa a m'munda?

Choyamba, kamavu kali ndi zokonda zake. Diplolepis rosae amathamangira Rosa canina, Rosa rubiginosa ndi abale awo a m'tchire, ndipo marozi a maluwa akuluakulu amene anthu anachita kukweranitsa samukopa kwenikweni. Chachiwiri, wolima amadulira chaka ndi chaka, n'kumataya zotupa mosadziwa, pamene m'tchire mulibe wodulira.

Ngati mwachipeza pa rozi la m'munda, tsatirani nthambiyo mpaka pansi. Marozi ambiri amamezanitsidwa pa tsinde la rozi la m'tchire, ndipo tsindelo limatulutsa mphukira zake kunsi kwa pomezanitsa. Nthawi zina chotupa chimakhala pa mphukira yotere. Zikatero chakuthandizani, chifukwa mphukira imeneyo inayenera kuchotsedwa kale isanalande chakudya cha duwa limene munagula. Anthu aonanso kuti zitsamba zovutika ndi chilala, zokhala m'madzi, kapena zometedwa mwankhanza m'mphepete mwa msewu zimanyamula zotupa zambiri kuposa zosamalidwa.

Zingafalikire ku mitengo yanga ya zipatso kapena ku ndiwo zamasamba?

Za timavu ayi. Timeneti sitidziwa chomera china koma rozi. Za bakiteriya inde: maapozi, mapichesi, mphesa ndi zomera zina zambirimbiri zimagwidwa.

Ndamva kuti kale anthu ankachita nazo mankhwala. N'zoona?

N'zoona kuti ankachita, osati kuti zinkachiza. Dzina lake lakale ku Ulaya ndi bedeguar, mawu ochokera ku Chiperisiya amene amatanthauza chobwera ndi mphepo. Ku England amati robin's pincushion, kufanizira ndi kapilo kobayapo masingano, ndipo Robin wake si mbalame koma kamzimu kopusitsa anthu ka m'nthano zawo. Ajeremani amati Schlafapfel, apozi wa tulo, chifukwa ankachiika kunsi kwa pilo kuti mwana agone. Ena ankachiumitsa n'kuchipera, ena ankamangirira m'khosi mwa mwana wodwala chifuwa chokoka mtima. Mwana wotere malo ake ndi kuchipatala. Chotupa chisiyireni timavu.

Ndikufuna kuona timavuto ndi maso anga. Ndingatani?

Dikirani nyengo yozizira ipite ndithu, chifukwa mphutsi zimafuna kuzizidwa kuti zimalize kusanduka. Chotupa chothyoledwa chikadali chofiira n'kusungidwa m'nyumba yofunda kawirikawiri chimangouma kapena kuchita nkhungu. Sankhani chakhofi chopanda timabowo, dulani ndi kanthambi kake, ikani m'botolo lagalasi louma. Kukamwa kwa botolo mangani kansalu kopyapyala ndi labala, osati chitsekerero, kuti mpweya uzilowa. Liikeni panja pamthunzi, posagwa mvula.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padzapita masabata botolo lili zii. Kenako m'mawa wina mudzapeza kadontho kakuda kakuyenda pagalasi, mawa lake tiwiri, ndipo pa chotupa padzakhala timabowo tatsopano tokhala ndi fumbi m'mphepete. Tengani galasi lokulitsa zinthu. Kakuda ka mimba yofiira ndiye mwini nyumba. Kowala mobiriwira ngati chitsulo, kokoka kaulusi kakatali kumbuyo, ndi Torymus, ndipo chipinda chimene katulukamo mwini wake anadyedwa. M'botolo langa loyamba alendo ndi adani anachuluka kuposa eni nyumba, moti ndinayamba kukayikira ngati ndinatola chotupa choyenera. Mukamaliza kuwerenga timavuto, masulani kansalu pafupi ndi mpanda wa marozi a m'tchire, kutali ndi chitsamba chanu cha pakhomo.